Jekete la Ababa pa Holide ya ku America

Lawrence, Indiana
9 Malichi

Okondedwa achimwene a Sosten,

Moni kwa inu, kwa alamu anga ndi kwa ana onse. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ku Balaka? Nanga ababa, miyendo ija yaphwerako? Mankhwala akumwa, kapena ayambiranso zija zowabisa pansi pa pilo? Kuno tilipo. A Mervin, alamu anu, ali bwino. Mwana wathu Akuzike chifuwa chija chinayamba chamusiya. Ine ndikudya, ndikupita ku ntchito, ndikubwerako. Kupitirira pamenepo sindikudziwa kuti ndinganene kuti ndili bwanji.

Mudabwa kuona mlongo wanu walemba pa pepala ngati nthawi ija ababa ankagwira ntchito ku positi. Ndikanatha kutumiza voisi, koma ndimakudziwani. Inu voisi mumaitsegula muli pa khonde, foni ili pa laudi, nkhuku ndi anthu odutsa mumsewu akumvera nawo. Izi muwerenge muli nokha. Kalatayi ndapatsira mayi wina wa kuno, a Madalo, amene akubwera ku Malawi sabata ino. Mng'ono wawo adzakuimbirani kuti mugwirizane pokakumana. Chimene chikuwabweretsa ndikuuzani pansipa.

Za kuno ndi zomwe zija. Sinoo yayamba kusungunuka, misewu yangokhala matope akuda ndi maenje. Galimoto yathu inagwera mu dzenje lina pafupi ndi ku ntchito, tayala kuphulika, ine kufika mochedwa. Ku sitolo ya Afirika ija ya ku Lafayette Road kunabwera nyemba zofiira zofanana ndi za ku Ntcheu, amayi a ku tchalitchi kwathu n'kuzigula zonse tsiku limodzi ngati kwalengezedwa njala. Ine ndinapeza thumba lili pululu.

Koma chimene ndalembera ndi zija munandiuza pa foni sabata yatha.

Munati chaka chatha ababa anakutumani kuti muwafufuzire pa foni masiku onse a holide a ku America, iwo n'kuwazunguliza ndi bolopeni pa kalendala ya pa khoma. Munati tsiku lotero likafika amasamba masana, amavala jekete lawo lotuwa lija, amakhala pa khonde, n'kukuuzani kuti muimbireni Evelina pa vidiyo, lero ali pakhomo akupuma. Pa 4 Julaye anavala. Pa Thanksgiving, holide yothokoza ya mu Novembala ija, anavala, n'kukhala nalo mpaka dzuwa kulowa. Ine osayankha. Ndiye munati mwezi wathawu, pa holide ya mapulezidenti, foni itaitana kangapo, anavula jekete okha, n'kunena kuti mlekeni mwanayo, mwina ali ndi anzake, tisamamuvutitse pa tsiku lake lopuma.

Mafoni amenewo ndinkawapeza, achimwene. Ndinkaimbanso mawa lake, inu n'kundiuza kuti ababa agona kapena kuti netiweki yavuta. Za jekete simunandiuzepo mpaka sabata yatha.

Munatinso anawerenga okha n'kupeza kuti America ili ndi maholide khumi ndi limodzi, pamene Ireland, kumene kuli mng'ono wathu Belinda, ili ndi khumi. Choncho ngati Belinda amabwera chaka ndi chaka, Evelina ndiye ali ndi mpata woposa, kungoti alibe mtima wobwera. Masamu a ababa ndi olondola. Munthu amene anakhala zaka zonse zija akuyeza makalata pa sikelo sangaphonye kuwerenga. Cholakwika n'choti akuyesa kuti holide ndi holide kulikonse.

Ine sindiwadabwa. Nthawi yawo boma likanena kuti mawa ndi holide, positi inkatsekedwa, sukulu kutsekedwa, Balaka yense kukhala zii. Akatenga tchuthi chawo cha pa chaka ankalandira ndi kandalama ka ulendo komwe. Mukukumbuka tinkakwera sitima kupita kumudzi ku Golomoti, ife titavala nsapato zothina, iwo ali mu jekete lomwelo lidakali latsopano. Kwa iwo munthu wa pa ntchito ndi munthu amene amapuma pa nthawi yake, ndipo dziko lolemera ndiye liyenera kupumitsa anthu kwambiri.

Belinda musamunene, iye sanalakwe chilichonse. Ntchito yake ndi yanga ndi imodzi, kusambitsa okalamba ndi kuwatembenuza pa bedi. Kusiyana kwake n'koti kwawoko lamulo la dziko limati wogwira ntchito apume masabata anayi pa chaka malipiro akulowa, maholide aja padera. Chaka chatha abwana ake anamuitanitsa mu ofesi. Akuti anapita mtima uli m'mwamba, akuganiza kuti kaya walakwa chiyani. Kumeneko n'kukamukalipira kuti bwanji chaka chikutha asanamalize masiku ake a tchuthi. Atandiuza pa foni ndinaseka mpaka kukhala pansi m'khitchini. Iye anawonjeza kuti mnzake wa ku France ndiye amamumvera chisoni, poti kwawo ndi masabata asanu. A Mervin amati Belinda amabwera kumudzi pafupipafupi moti ngakhale agalu a kwa aneba anasiya kumuuwa.

Kuno lamulo la dziko lonse lokakamiza bwana kupereka tchuthi cholipidwa kulibe. Maholide amene ababa anazunguliza aja ndi a ogwira ntchito m'boma, m'mabanki ndi ku positi. Iwo akanakhala kuno, positi yawo ikanatsekedwadi, pamenepo sananame. Kwa ife ena zimatengera mtima wa kampani. Ku kampani yathu amatipatsa masabata awiri pa chaka, amawatcha PTO, ndipo sapereka onse nthawi imodzi. Amadontha pang'onopang'ono pamene ukugwira ntchito, ngati madzi a pa mpopi wa ku Balaka nthawi ya chilimwe. Ndipo ndowa yake ndi imodzi. Ukadwala amatunga momwemo. Mwana akabanika usiku, iwe n'kukhala naye ku chipatala, amatunga momwemo. Tsiku la tayala lija anatungamonso.

Pa holide penipenipo okalamba athu sadziwa kuti kunja kuli chiyani. Amafunika kudya, kusamba ndi kusinthidwa ngati tsiku lina lililonse. Anzathu obadwira kuno amapempha masiku amenewo kuti akadye nkhukundembo ndi makolo awo, ndipo sindiwada, makolo awo ali pafupi. Mashifiti amagwera ife a ku Malawi, a ku Nigeria, a ku Haiti. Foni timasiya mu loka, akakupeza nayo m'thumba ndi mlandu.

Pa Thanksgiving paja ndikukumbuka chimene ndinkachita. M'mawa umenewo ndinkameta ndevu bambo wina wokalamba amene sayankhulanso, chifukwa ana ake anaimba kuti abwera kudzajambulitsa naye. Ndinamupesa, n'kumuveka jekete. Ndawerengera kusiyana kwa nthawi, ndapeza kuti inali nthawi yomweyo imene ababa anali pa khonde. Mutandiuza ndinayesa kuti ndilira. Ndinangotsuka mbale n'kukagona.

Mufunsa kuti nanga masabata awiriwo amapita kuti, poti chibwerereni ulendo womaliza uja Akuzike anali wakumsana, lero akuwerenga mabuku a Chingerezi amene ine sindiwamva. Ena anadyedwa ndi chifuwa cha mwanayu. Otsalawo alipo. Amalawi kuno tili ndi chizolowezi chimene sitikuuzani kumudzi, chifukwa chimamveka ngati kulaula. Aliyense amene ali ndi kholo lokalamba amakhala ndi kankhokwe ka masiku kamene sakhudza. Timapita ku ntchito mutu ukung'amba, msana utauma, bola tisachotsepo. Kampani imalola kusunga mpaka pa malire ake, opitirira apo amapsa, ndiye timangodya a pamwamba okhawo. Ku tchalitchi timafunsana kuti muli nawo okwanira, winayo n'kuyankha kuti eya, akwana. Palibe amafunsa kuti okwanira chiyani. Tonse timadziwa kuti ndi masiku a maliro.

Inenso ndili nako kankhokwe kotero. Ndakhala ndikukasungira ababa.

Tsopano ndikuuzeni za a Madalo. Amuna awo, a Chester, ankakhala ku South Bend, kumpoto kwa kuno, kumene kuli Amalawi ambiri kuposa kuno ku Indianapolis. Ndi amene anatilandira pa bwalo la ndege tikubwera kumene, n'kutigoneka pa balaza pawo mpaka titapeza nyumba. Ankagwira ntchito mu fakitale yopanga makalavani. Munthu wanthabwala, koma pa nkhani ya masiku anali woumira ngati mwala. Anthu akakonza zopita kukaona mathithi kapena kukacheza ku Chicago, iwo ankati pitani, mudzandionetse zithunzi. Amayi awo ali ku Dowa, okalamba zedi, ndipo a Chester ankati tsiku limenelo likadzafika sakufuna kudzagwadira mzungu kupempha.

Kumapeto kwa mwezi watha anatuluka m'mawa kukachotsa sinoo ndi fosholo pa khomo kuti galimoto ituluke. Anawapeza atagwa pomwepo, fosholo ili pambali. Adokotala anati ndi mtima.

Tinapita ku siwa Loweruka lapitali. Achimwene, maliro a kuno mukanawaona simukanawazindikira. Kwathu kukagwa zovuta palibe amagwira khasu, mudzi wonse umaima. Kuno anthu amalowa atavala yunifomu, amapepesa, amaimba nyimbo ziwiri maso ali pa wotchi, n'kunong'oneza kuti pepani, ndikukalowa shifiti. Ena akutuluka, ena akulowa, ngati pa depoti. Palibe amene amakwiya nazo. Ine ndinakhala pansi ndi amayi anzanga, pakamwa pakuyenda ndi nyimbo, koma m'maso muli gwa.

Lamulungu m'mawa ndinali ndi a Madalo m'khitchini, tikutsuka makapu. Anandiuza kuti kampani yawadziwitsa kuti masiku onse amene a Chester anasunga aja yawasandutsa ndalama, ndipo iwo aziphatikiza ndi chipepeso cha anthu kuti thupi likwere ndege. Anati amayi awo a malemu ali bwinobwino, dzana lomweli anali kumunda, ndipo ndi amene akalandire bokosi ku Dowa. Anati masikuwo agwiradi ntchito ya maliro monga mwini wake ankafunira. Ananena mawu amenewa ngati munthu akunena kuti shuga watha m'nyumba, kenaka n'kundipempha kuti ndiwapatsire kansalu kopukutira.

Tinabwerera masana a tsiku lomwelo. Msewu wake ndi wowongoka, mbali zonse kuli minda ya chimanga chodulidwa kale, zitsa zokhazokha zikusuzumira mu sinoo. Titadutsa tawuni ina ya pakati yotchedwa Kokomo ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti ndipita kumudzi mu Juni. A Mervin anandiyang'ana, n'kufunsa ngati ndikudziwa tanthauzo lake. Ndinati ndikudziwa. Anangochepetsa wailesi.

Lolemba ndinakalowa kwa supavaiza wathu. Si munthu woipa, ana ake amandipatsa moni. Anatsegula kompyuta, anayang'ana, n'kunena kuti palibe vuto, nditha kutenga onse mu Juni. Kenaka anandichenjeza kuti ndikabwerako ndowa idzakhala youma, ndipo kuti idzadzenso padzapita chaka. Ndinamufunsa kuti nanga bambo anga akadzamwalira pakatipo. Anandigwira dzanja, n'kunena kuti kampani imapereka masiku atatu a maliro a kholo. Ananena mwachifundo ndithu, ngati akundipatsa chinthu chachikulu. Sindinamufotokozere kuti kuchoka pa khomo pano kukafika pa khomo panu ndi masiku awiri, kubwerera enanso awiri. Atatu akewo angandithere pa bwalo la ndege ku Addis Ababa.

Ndinafunsanso za tchuthi chosalipidwa. Chilipo cha kudwazika kholo ngati adokotala alemba mapepala, koma cha maliro kulibe, ndipo mwezi umene sindilandira ndi mwezi umene mankhwala a ababa sagulidwa. Tikiti nayonso sitingaikwanitse kawiri m'chaka chimodzi. Ndazitembenuza mbali zonse. Ulendo ndili nawo umodzi.

Inu ndi ine tisanamizane. Adokotala anakuuzani kuti mtima wa ababa watopa. Belinda atabwerako pa Khirisimasi anandiuza kuti anawaona mmene akupumira akakwera masitepe awiri a pa khonde aja, ndipo iye ndi ine okalamba timawadziwa, ndi ntchito yathu. Anati ngati ndikufuna kudzawapeza akundizindikira, ndisadikire chaka cha mawa. Nthawi imeneyo ndinamuyankha zaukali, ndinati n'zosavuta kuyankhula munthu wa masabata anayi. Ananena zoona.

Ndiye ndasankha. Ndibwera ali moyo. Ndidzawasambitsa ine, ndidzawameta ndevu ine, ndidzakhala nawo pa khonde mpaka anditope. Ndikanyamuka pamenepo, ndatsanzika.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi lolemera, n'chifukwa chake ndalipereka kwa inu. Tsikulo likadzafika, musadzandidikire. Musadzawasunge ku mochale ngati mmene anthu amachitira podikira ana a kunja, thupi likuzizira m'firiji, anamfedwa akutha ndi njala pa siwa, onse akuyang'ana kumsewu. Sindidzabwera. Mudzandiimbire kuti ndidziwe, kenaka mudzapite nawo ku Golomoti, mudzawaike pa nthawi yake.

Ndikudziwa chimene chidzanenedwe. Azakhali adzati mwana wamkazi woyamba wakana bambo ake, America yamumeza. Adzati wamng'ono wakwanitsa kuchoka ku Ulaya, wamkulu walephera bwanji. Belinda adzabweradi, masiku ali nawo, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti mmodzi wa ife adzakhalapo. Koma mawu a azakhali mukuwadziwa, amakhala pa mudzi zaka makumi. Musadikire kuti mudzawafotokozere pa manda, pamenepo palibe amamva. Mupite kwawo panopa, zinthu zili bata, mukakhale nawo pansi. Mukawauze za ndowa imodzi ija. Mukawauze kuti ndinapatsidwa ulendo umodzi, ndipo ndinasankha kukaona mlongo wawo akuyankhula. Akakwiya, akwiye lero, ndidzabwera ndidzawagwadire ndekha mu Juni. Walira mvula walira matope, ndavomera.

Ndipo pa mwambo, woyendetsa akadzaitana ana a malemu kuti aike nkhata, akadzatchula dzina langa, pasadzakhale chete uja anthu akutembenuka kuyang'ana kumbuyo. Mudzaimirire inu. Mudzaike yanu, mudzabwerere, mudzatenge yanga.

Ndimayesa kuti polemba mawu amenewa dzanja lidzanjenjemera. Silinanjenjemere. Mwina ndi kutopa, mwina ndi ntchito yathuyi, poti mwezi sutha tisanatseke maso a munthu n'kusintha nsalu za pa bedi kuti pagone wina. China chake mwa ine chinachita dzanzi, sindikudziwa kuti chinayamba liti. Chimene chikundiopsa n'choti nditadikira mpaka maliro, ndingadzaime pa manda a ababa ngati mmene ndinakhalira ku South Bend, ndikuimba, m'maso muli mouma. Bola ndibwere pamene angathe kundikalipira okha.

Ababa musawauze zonsezi. Za a Chester ayi, za kankhokwe ayi, za nkhata ndiye ayi ndithu. Za maholide aja muthe kuwafotokozera pang'ono, kuti kuno positi imatseka koma mwana wawo satseka, asamaganize kuti ndinkaona foni yawo n'kuisiya. Mundiuzenso saizi ya nsapato imene akukwana panopa ndi kutupako. Kuno kuli zina zofewa zomata, okalamba athu amazikonda.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndikudziwa amene amachapa ndi kuphikira ababa tsiku ndi tsiku, ndipo sindidzatha kuwathokoza. Moni kwa ana anu onse, kwa azakhali ndi ana awo, kwa amalume ku Golomoti, ndi kwa amayi a mvano amene amabwera kudzapemphera ndi ababa Lachinayi. A Mervin akupereka moni. Akuzike ndamuuza kuti apereke moni kwa agogo, wayankha mu Chingerezi, koma ndi moni ndithu. A Madalo mukakumana ndi mng'ono wawo mukapepese, ndi anthu athu.

Tsiku lenileni ndidzakuuzani ndikagula tikiti. Lidzakhala tsiku wamba, la pakati pa sabata, losapezeka pa kalendala ya America kapena ya Ireland. Mudzawapatse bolopeni alizungulize okha. Ndipo jekete lija mulichapitse, muwauze kuti adzavale. Ndikudziwa kumene jekete limenelo lidzathere, inunso mukudziwa. Ine ndikufuna ndidzalione iwo atakhala pa khonde.

Ndine mlongo wanu,
Evelina